Mtanda ndi Nyali: Mafunso ndi Mayankho pa Chikhristu ndi Ndale za Ufulu

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo popeza masiku ano mawu akuti ufulu ali pakamwa pa aliyense, paguwa ndi pansanja ya msonkhano wa chipani pomwe, kotero kuti wina auyesa mdalitso wotsika kumwamba pamene mnzake auyesa khomo limene woipayo alowera m'dziko, tasonkhanitsa pano mafunso amene Akhristu afunsana pansi pa mtengo akatuluka m'kachisi, ndipo tiyesa kuwayankha monga momwe mbiri ya mpingo ndi mbiri ya dziko lathu la Malawi zitiphunzitsira.

Kodi ndale za ufulu, zimene Azungu azitcha liberal, n'chiyani makamaka?

Mawuwa anachokera ku Chilatini, kumene tsinde lake litanthauza mfulu, ndiye kuti munthu wosakhala kapolo wa wina. Ndipo chiphunzitso chonse cha ndalezi, ngakhale anthu ophunzira achilembera mabuku osawerengeka, chingathe kulowa m'dengu limodzi laling'ono. Chimati munthu aliyense, kaya mwana wa mfumu kaya mlendo wongopempha malo, ali ndi zinthu zina zimene boma silinam'patse ndipo silingam'lande: moyo wake, chikumbumtima chake, pakamwa pake, ndi chimene wakhetsera thukuta. Chimatinso wolamulira alamulira chifukwa anthu am'lola, ndipo pa nyengo yoikika ayenera kubwerera kwa iwo kukafunsa ngati akum'lolabe. Kuti lamulo limene limanga wakuba nkhuku limange ndunanso. Ndi kuti woweruza milandu asamadye m'mbale ya wolamulira.

Koma dzina limodzi lomweli lavala zovala zosiyana m'maiko osiyana. Ku Britain, m'masiku a William Gladstone, amene anatsogolera boma kanayi pakati pa 1868 ndi 1894 ndipo anali munthu wopembedza kwambiri mu mpingo wa Anglikani, linkatanthauza malonda opanda zotchinga ndi boma losalowerera kwambiri m'thumba la munthu. Ku America, kuyambira m'masiku a Franklin Roosevelt cha m'ma 1930, latanthauza boma lotambasula dzanja kwa osauka, okalamba ndi osowa ntchito. Ndipo m'zaka zathu zino laphatikizanso nkhani za kuchotsa pakati ndi za maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Chifukwa chake anthu awiri angakangane tsiku lonse za ndale za ufulu, wina akunena za tsinde, mnzake akunena za nthambi imodzi imene sakuikonda.

Kodi si zoona kuti maganizo amenewa anabwera ndi adani a mpingo?

Ena a iwo anali adani ndithu, makamaka ku France, kumene kuukira kwa 1789 kunafika polanda chuma cha Eklezia ndi kupha ansembe. Koma amene afuna kupeza gwero la mtsinjewu ayenera kukwera kumtunda pang'ono, kumene adzapeza Akhristu otopa ndi kuphana. Kuchokera mu 1618 mpaka 1648 maiko a ku Ulaya anamenyana nkhondo ya zaka 30, imene inayamba ndi mkangano wa Akatolika ndi Apulotesitanti, ndipo midzi yambiri ya ku Germany inasanduka mabwinja. Pamenepo anthu oopa Mulungu anayamba kufunsa ngati chikhulupiriro cholowa ndi lupanga chili chikhulupiriro konse. Thomas Helwys, mmodzi wa oyambitsa mpingo wa Baptist ku England, analembera Mfumu James mu 1612 kuikumbutsa kuti mfumu ndi munthu wakufa amene alibe mphamvu pa mizimu ya anthu ake, ndipo anafera m'ndende chifukwa cha mawuwo. Roger Williams, mlaliki amene Akhristu anzake anam'pirikitsa ku Massachusetts, anakamanga mudzi wa Providence mu 1636, kumene munthu sankafunsidwa za chipembedzo chake. Naye John Locke, amene ambiri amuyesa tate wa ndale za ufulu, m'kalata yake ya kulolerana imene inasindikizidwa mu 1689 anaimika mfundo zake pa Uthenga Wabwino womwe, ngakhale kuti kulolera kwakeko kunali ndi malire, pakuti anthu okana Mulungu anawasiya kunja.

Eklezia Katolika anachedwa kugwirizana nazo, pokumbukira zimene zinam'chitikira ku France. Mu 1864 Papa Pius IX anatulutsa mndandanda wa zolakwa za m'nyengo yake, ndipo ndale za ufulu zinali m'gulu la zotsutsidwazo. Koma patapita zaka 101, pa 7 Disembala 1965, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unalengeza kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo chifukwa cha ulemu wa umunthu wake, ndipo boma lisam'kakamize. Zaka zana ndi zambiri pa moyo wa munthu, koma mpingo uyenda ngati nkhalamba yonyamula mtsuko wodzaza, imene isankha kufika mochedwa kusiyana ndi kutaya madzi.

Nanga Paulo sanalamule kuti timvere maulamuliro? Kodi Mkhristu angatsutse bwanji boma?

Analamuladi, m'chaputala 13 cha kalata yake kwa Aroma, ndipo palibe wolamulira wankhanza amene sanalikonde tsamba limenelo. Koma wowerenga mpaka pansi adzaona kuti Paulo atchula wolamulira mtumiki, ndipo mtumiki ali ndi mwini wake amene adzam'funsa. Buku Lopatulika ladzaza ndi mafumu odzudzulidwa pamaso. Samueli anachenjeza Aisraeli, asanalonge mfumu yawo yoyamba, kuti mfumuyo idzawatengera ana, minda ndi ziweto. Natani analowa m'nyumba ya Davide ndi nthano ya mwanawankhosa wa munthu wosauka, ndipo mfumu itapsa mtima ndi wolanda uja, mneneriyo anailoza chala. Eliya anakumana ndi Ahabu m'munda womwe wa Naboti, pakuti mu Israeli ngakhale mfumu inalibe mphamvu yolanda cholowa cha munthu wamba. Ndipo Petro ndi Yohane, atawaletsa akulu a bwalo kulalikira, anayankha mwaulemu kuti pa nkhani imeneyo sangathe kuwamvera.

Koma pachimake pa zonsezi pali ndalama ija imene anthu anabweretsa kwa Ambuye pofuna kuwakola ndi funso la msonkho. Iwo anafunsa kuti nkhope yosindikizidwa pa ndalamayo inali ya yani, ndipo atamva kuti ndi ya Kaisara, anagawa zinthu pawiri, zoyenera Kaisara ndi zoyenera Mulungu. Tsono ngati ndalama ibwerera kwa iye amene nkhope yake ili pamenepo, nanga munthu, amene Genesis atiuza kuti anapangidwa m'chifaniziro cha Mulungu, abwerera kwa yani? Apa ndi pamene Chikhristu ndi ndale za ufulu zigwirana chanza: zonse ziwiri zivomereza kuti Kaisara ali ndi gawo lake, ndipo zonse ziwiri zikana kuti gawolo ndi munthu yense wathunthu.

Kodi kuno kwathu ziwirizi zinakumana liti poyera?

Amene anali ndi nzeru m'chaka cha 1992 sadzaiwala Lamulungu la pa 8 Malichi, loyamba m'nyengo ya Lenti. Dziko linali litakhala pansi pa chipani chimodzi chiyambire 1966, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, anali pulezidenti wamuyaya chiyambire 1971. Ana asukulu ankaloweza nsanamira zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mayi wopita kumsika kapena kuchipatala ankayamba waonetsa khadi la chipani kwa ayufi a malaya ofiira. Munthu ankatha kutengedwa usiku n'kukakhala ku Mikuyu zaka zambiri wosaonekera kubwalo la milandu. Ndipo mayina a Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983, ankatchulidwa monong'ona, chitseko chitatsekedwa.

M'mawa umenewo, m'matchalitchi onse a Katolika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ansembe anaimirira n'kuwerenga kalata ya aepiskopi, otsogoleredwa ndi Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre, imene inasindikizidwa mwakachetechete ku Balaka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Wowerenga kalatayo lero angadabwe ndi kufatsa kwake, pakuti sinatukwane munthu ndipo sinapemphe kuti boma ligwe. Inangonena za mpata wokulirakulira pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa a antchito, za masukulu ndi zipatala zosowa zipangizo, za ziphuphu ndi kukondera, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za mphatso zokakamiza, ndi za mantha amene anatseka pakamwa pa mtundu wonse. Zonsezi aliyense ankazidziwa kale. Chachilendo chinali chakuti zinanenedwa mokweza, masana, ndi anthu amene anasainira mayina awo pansi.

Boma linailandira bwanji kalatayo, ndipo chinatsatira n'chiyani?

Pali mwambi wakuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma boma la nthawiyo silinaone unansi m'kutsinako. Aepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre n'kufunsidwa mafunso kwa maola ambiri; kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, kotero kuti kungopezeka nayo kunali mlandu; pa msonkhano wa akuluakulu a chipani panamveka mawu oti aepiskopiwo aphedwe; ndipo Monsinyo John Roche wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko mwezi wa Epulo, m'sabata yopatulika ya Pasaka.

Koma madzi akatayika saoleka. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda pamsewu kuvomereza aepiskopi. Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo n'kumangidwa pomwepo. Mwezi wa Meyi antchito a ku Blantyre ananyanyala ntchito, anthu anaomberedwa, ndipo maiko othandiza anaimitsa chithandizo chawo chambiri. Mu Juni atsogoleri a masinodi a Blantyre ndi Livingstonia a mpingo wa CCAP, pamodzi ndi nthumwi za mgwirizano wa mipingo ya Reformed ya dziko lonse, anapereka kalata yawo kwa pulezidenti kupempha kuti pakhale kukambirana, ngakhale kuti sinodi ya Nkhoma pa nthawiyo sinayende nawo. M'kukambiranako munabadwa bungwe la Public Affairs Committee, m'mene Akatolika, Apresibeteriya, Aanglikani, Asilamu, maloya ndi amalonda anakhala pamphasa imodzi. Pa 14 Juni 1993 anthu anaponya voti kusankha pakati pa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya matipate, ndipo oposa 63 pa 100 alionse anasankha nyali; pa 17 Meyi 1994 dziko la Akhristu ochuluka linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala mtsogoleri wake; ndipo malamulo aakulu atsopano, pa gawo 33, analemba kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo ndi wa maganizo.

Ngati mipingo inali ndi mphamvu yotere, n'chifukwa chiyani inadikira mpaka 1992?

Funso ili ndi lowawa, ndipo amene akonda mpingo sayenera kulilambalala. Kwa zaka zambiri atsogoleri a mipingo ikuluikulu ankapemphera pa zikondwerero za boma, ankadalitsa misonkhano, ndipo ankayesa kuti masukulu ndi zipatala zawo zikasiyidwa pamtendere ndiye kuti ntchito ya Mulungu ikuyenda. Ena anali ndi mantha enieni, ndipo sitiwaweruza ife amene tilankhula lero popanda wotigogodera usiku. Koma panali anthu ena amene anakumana ndi nkhanza za boma zaka 25 aepiskopi asanalembe, ndiwo a Mboni za Yehova. Chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, makamaka chifukwa chokana kugula khadi la chipani, popeza chikhulupiriro chawo sichiwalola kulowa ndale za dziko lililonse. Mu 1972 msonkhano wa chipani unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, akazi anachitidwa zamanyazi, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique, ndipo obwerera ambiri anakatsekeredwa ku Dzaleka. Chiletsocho chinachotsedwa mu Ogasiti 1993, nyali itapambana kale.

Pa zaka zonsezo mawu a mipingo ikuluikulu pa nkhani imeneyi anali ochepa kwambiri, ndipo chifukwa chake sichovuta kuchipeza: Amboni anali anthu amene ankagogoda pamakomo a nkhosa za abusa ena, ankatsutsa ziphunzitso zimene mipingo ina iziyesa zopatulika, ndipo Mkhristu wamba ankati zawo zimenezo, adziputira okha. Koma khadi limene Wamboni anamenyedwera mu 1972 ndi lomwelo limene linatsekereza mayi wa Chikatolika pachipata cha chipatala mu 1991, ndipo aepiskopi analitchula m'kalata yawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Apa pagona phunziro lalikulu la nkhani yonseyi, lakuti ufulu wa chikumbumtima suyesedwa ndi mmene tiutetezera pa ife eni, pakuti ngakhale wankhanza afuna ufulu wake. Uyesedwa ndi mmene tiutetezera pa munthu amene tikhulupirira ndi mtima wonse kuti wasokera.

Kodi zonsezi si za Azungu, zimene sizigwirizana ndi chikhalidwe chathu cholemekeza mfumu?

Makolo athu ankalemekeza mfumu, inde, koma sankaipembedza. Pa Chichewa mfumu sidzilonga yokha: amayi a mbumba ali ndi mawu posankha woyenera kulowa dzina, ndipo pa tsiku lolongedwa mfumu yatsopano ikhala pansi, mutu uli wowerama, akuluakulu n'kumailangiza kuti isakhale yaumbombo, isakondere pa milandu, isanyoze amasiye. Pabwalo, mlandu sugamulidwa mbali zonse zisanalankhule, nduna zisananong'onezane. Ndipo mfumu yankhanza kale inkadzuka m'mawa n'kupeza anthu ake asamuka usiku kukamanga kwina. Sitinena kuti makolo anali ndi zisankho ndi manyuzipepala, kapena kuti kapolo ndi mfulu ankayesedwa ofanana. Tingonena kuti maganizo akuti mutu umodzi susenza denga sanabwere pa sitima.

Tiyeneranso kunena kuti Azungu amene analalikira ufulu kwawo ndi omwewo amene anabweretsa thangata kuno, ndipo amene anayamba kuwakumbutsa za kusiyana kwa mawu awo ndi ntchito zawo anali Akhristu akuda. John Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg m'dziko la America n'kubwera kudzayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 kufunsa chifukwa chimene anthu osauka a dziko lino ankafera pa nkhondo ya eni ake, asanatenge njira ya zida mu Januwale 1915. Ndipo pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, ambiri mwa amene anachikana anali ophunzira a masukulu a mishoni, amene anawerenga za Mose ndi Farao n'kuzindikira kuti nkhaniyo ikunena za iwo.

Koma ufulu sadya. Kodi wosauka wapindulanji?

Ili ndi funso limene Chikhristu chakhala chikufunsa ndale za ufulu kuyambira kale, ndipo n'chifukwa chake ubale wa ziwirizi uli ngati wa mkamwini ndi apongozi, wolemekezana koma wosasowa madandaulo. Pamene mafakitale a ku Ulaya ankalemba ana aang'ono ntchito ya maola ochuluka, eni ake n'kumati wantchito ndi mfulu, akafuna asiye, Papa Leo XIII analemba kalata ya Rerum Novarum mu 1891 kunena kuti malipiro ayenera kukwanira kusunga munthu ndi banja lake, ndi kuti antchito ali ndi ufulu wopanga mabungwe awo. Ku New York, mbusa wa Baptist Walter Rauschenbusch, atatopa ndi kuika maliro a ana a anthu osauka m'dera la Hell's Kitchen, anayamba kuphunzitsa kuti tchimo likhalanso m'malamulo ndi m'kayendetsedwe ka chuma, osati mumtima mokha. Ndipo Martin Luther King, mbusa amene anatsogolera anthu akuda kunyanyala mabasi ku Montgomery mu 1955 ndi 1956, anaphedwa ku Memphis mu 1968 atapita kukaima ndi antchito otola zinyalala amene ankalirira malipiro.

Kuno kwathu nyali inabwera ndi zokoma ndi zowawa zomwe, monga walira mvula walira matope. Sukulu ya pulayimale yaulere inayamba mu 1994, ndipo ana oposa miliyoni imodzi amene anali kunyumba anakhamukira m'makalasi ndi pansi pa mitengo. Koma m'zaka zomwezo kwacha inagwa mphamvu, makampani aboma anagulitsidwa, ndipo njala ya 2002 inapeza nkhokwe za chimanga za boma zitagulitsidwa. Mlimi amene ali ndi ufulu wotukwana pulezidenti pa wailesi koma alibe thumba la feteleza ali ndi chifukwa chofunsira. Yankho la Chikhristu ndi lakuti ufulu ndi khasu, si nsima; koma wopanda khasu sangalime, pakuti m'dziko limene munthu saloledwa kunena kuti kuli njala, njalayo ipha mwakachetechete.

Nanga pa nkhani za kuchotsa pakati ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, kodi apa sipamene njira zipatukana?

Apa m'pamene pali mphambano yeniyeni, ndipo sitidzanamiza wowerenga kuti palibe. Ina mwa mipingo imene inayatsa nyali mu 1992 inatsogolera anthu pamsewu mu Disembala 2016 kukana bilu yofuna kufewetsa lamulo la kuchotsa pakati, bilu imene Nyumba ya Malamulo inakana kuikambirana mu 2021; ndipo mu Julayi 2023 Akhristu ndi Asilamu anayendanso pamodzi kukana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, khoti lisanagamule mu Juni 2024 kuti malamulo oletsa mchitidwewo akhalebe. Omenyera ufulu wachibadwidwe ena amati mipingo yatembenuka. Mipingo imati ndi ufuluwo umene wasochera, pofika poyesa chifuniro cha munthu kukhala mulungu wake.

Akhristu okhulupirika asiyana pa nkhanizi, ndipo n'kwabwino kumvetsa pamene asiyanira. Ena amati mwana wosabadwa ndiye wofooka woposa onse, ndipo lamulo limene siliteteza wofooka lataya ntchito yake. Ena, makamaka amene agwira ntchito m'zipatala ndipo aona atsikana akufa ndi mankhwala a kuseri, amati ndende siinapulumutse mayi kapena mwana. Pa nkhani inayo, alipo amene akhulupirira kuti mchitidwewo ndi tchimo, komabe afunsa ngati tchimo lililonse liyenera kukhala mlandu wa apolisi, popeza chigololo, kuledzera ndi kusirira ndi machimo amene mpingo uwalanga ndi kudula, osati ndi unyolo. Fanizo la namsongole, m'mene mwini munda analetsa antchito ake kuzula msanga poopa kuzulira tirigu pamodzi, lakhala likutchulidwa pa mikangano yotere kuyambira kalekale. Chimene Mkhristu sangachite, aime mbali iliyonse, ndicho kuvomereza kuti munthu amenyedwe, atenthedwere nyumba kapena akanizidwe mankhwala. Pakuti amene akumbukira Sinda Misale adziwa kumene njira imeneyo ithera.

Kodi sikukanakhala bwino kulengeza kuti Malawi ndi dziko la Chikhristu, monga anachitira anzathu a ku Zambia?

Frederick Chiluba analengezadi motero mu Disembala 1991, ndipo mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a Zambia mu 1996. Koma chochititsa chidwi n'chakuti ena mwa amene anakayikira kulengezako anali aepiskopi a Katolika ndi atsogoleri ena a mipingo ya komweko, amene anaona kuti dziko silibatizidwa ndi chikalata, ndi kuti wolamulira wodzitcha wodzozedwa avuta kum'dzudzula. Kuno kwathu, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 pa 100 alionse ndi Asilamu, kulengeza kotere kukanauza anthu a ku Mangochi ndi ku Machinga kuti ndi alendo m'dziko la makolo awo. Ndipo ufulu umene uteteza mtsikana wovala hijabu, kapena mwana wa Chirasta amene khoti la ku Zomba linagamula mu 2023 kuti aloledwe m'sukulu zaboma ndi tsitsi lake, ndi womwewo umene uteteza mlaliki wa pamsika.

Mbiri yathu yaonetsanso kuti mpingo ukhala ndi mawu pamene suli m'thumba la wolamulira aliyense. Unatsutsa Muluzi pamene anafuna kupitirira nyengo ziwiri, ndipo bilu yake inagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Julayi 2002. Unadzudzula Bingu wa Mutharika, amene anali Mkatolika. Ndipo pamene Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zambiri, analowa m'boma mu 2020, aepiskopi sanaleke kulemba makalata owawa onena za katangale ndi kukwera kwa mitengo. Mapanga awiri avumbwitsa: mbusa amene alandira envulopu ya chipani Loweruka sangathe kukhala Natani Lamulungu.

Tsono Mkhristu wamba, amene sali episkopi kapena phungu, achite chiyani?

Aponye voti monga chikumbumtima chake chim'tsogolera, podziwa kuti palibe chipani chimene chili Ufumu wa Mulungu, ndi kuti mnzake wa pa benchi lomwelo amene wavotera kwina sanagwe m'chikhulupiriro. Akane kugulitsa voti yake ndi chitenje kapena ndalama ya sopo, pokumbukira Esau ndi mphodza zake. Apempherere olamulira, monga Malembo alangiza, ndipo akatha kupemphera awafunse za mankhwala amene asowa m'chipatala cha kwawo, pakuti ziwirizi sizitsutsana.

Koma choposa zonse, ayang'ane m'mudzi mwake ndi kufunsa kuti Wamboni wa masiku ano ndani: munthu uja amene aliyense agwirizana kuti ndi wolakwa, amene akamenyedwa anthu aseka, amene ngakhale abusa sangam'tchule m'pemphero poopa kuti mpingo ungadandaule. Angakhale wa chipani chogonja, angakhale nkhalamba imene ana aitcha mfiti, angakhale wakuba amene gulu lam'gwira pamsika ndipo wina wathamangira kukagula petulo. Sikofunika kuti Mkhristu avomereze zochita za munthuyo, monganso Msamariya uja sanafunse za chiphunzitso cha amene anam'peza m'mbali mwa njira ya ku Yeriko. Chofunika n'chakuti aime pakati pa iye ndi mwala. Aepiskopi a 1992 anachita chinthu chachikulu, ndipo dziko liwakumbukira moyenera. Koma akanakhalapo anthu okwanira m'midzi ya 1972 oti aime pakhomo la mnansi wawo wokana khadi n'kunena kuti uyu sitigwirizana naye koma simum'khudza, kapena kalata ija sikanadikira zaka makumi awiri.